Malo a Asani mu Sevidori

Sevidori ya pa Wailesi ya Tabwera inayamba kudwala mvula itayandikira, ndipo inadwala mwachikulu, osadandaula mpaka zinthu zitafika poipa. Inali kompyuta yaikulu, bokosi lakuda lofika m'mawondo, lokhala m'kachipinda ka kuseri kwa situdiyo ku Insaca, ndipo chilichonse chimene wailesiyo inkaulutsa chinkadutsa mmenemo: nyimbo, nkhani, malangizo a ulimi, mauthenga a maliro. Che Bwanausi, mkulu wa wailesiyo, ankaipukuta fumbi m'mawa uliwonse ndi mpango wawo wa m'thumba. Za m'mimba mwake sankazidziwa n'komwe, ndipo sankachita nazo manyazi.

Amene ankazidziwa anali Ivone, mtsikana wa makina, wophunzira ku Lichinga, wolankhula mwachangu ngati akuthamangira shapa, minibasi ya kwathu kuno. Ndiye anawapeza akupukuta tsiku lina n'kuwauza mosapita m'mbali kuti bokosilo latsala pang'ono kuima.

"Khalani apa, Che Bwanausi, ndikuonetseni," anatero, akuwakokera mpando pafupi ndi sikirini. "Disiko ya m'katimu anaigawa patatu. Gawo loyambali timalitcha muzu. Ndi mmene mumakhala Unix, pulogalamu imene imayendetsa makina onsewa. Gawo lomalizali ndi nkhokwe yathu, muli nyimbo ndi zojambula zonse. Nkhokwe ilibe vuto. Koma muzu wadzaza, ndipo muzu ukadzaza makina amasowa polemba ngakhale kadontho, basi amangoima."

"Sesamoni," anatero Che Bwanausi. "Nyumba ikadzaza zinyalala amasesa."

"Ndasesa mpaka tsache latha. Zotsalazo n'zofunika zokhazokha. Anaupatsa malo ochepa poyamba paja, ndipo mapulogalamu akula. Chofunika ndi kuukulitsa, kusuntha malire ake. Koma malire amasunthira kumene wagundana nako, ndipo wagundana ndi gawo lapakatili."

Analoza ndi chala. Che Bwanausi anavala magalasi, n'kuwerama. Pa mzere wapakatiwo panali dzina limodzi lolembedwa ndi tizilembo tating'ono: asani.

"Gawo limeneli silikugwira ntchito iliyonse," anapitiriza Ivone. "Ndayesa kuliwerenga, silikuwerengeka. Mwina mulibe kanthu, mwina muli zinthu zokhomedwa, sindingadziwe. Mukandilola ndilifufute, muzu utambasukira mmenemo, ndipo vuto latha."

Che Bwanausi anavula magalasi aja, kuwapinda pang'onopang'ono, n'kuwabweza m'thumba. "Mwana wanga," anatero, "malo a munthu amene sanabwere sakhudzidwa."

Ivone anachotsa chala chake pa sikirini. Nayenso anali mwana wa obwerera, ndipo mawu amenewo anakula akuwamva.

Apa ndiyenera kulongosola, chifukwa achinyamata a masiku ano amayesa ndi liuma la akuluakulu chabe. Nkhondo itatha, anthu amene anathawira ku Malawi sanabwerere tsiku limodzi. Ena anabwera ndi magalimoto oyamba, ena anadikira akolole kaye, ena anakhala zaka akumvetsera ngati mtenderewo unali weniweni. Ofika msanga ankapeza minda ya anzawo itasanduka tchire, nthaka yopuma, yonona, yokopa khasu. Koma panali pangano limene palibe analilemba: munda wa munthu amene sanabwere sulimidwa. Mango ake akagwa okha tola udye, koma mtengo usadule. Bwinja lake ngakhale litagwa denga, usagumule khoma. Udikire mpaka mwiniwake atumize mawu, kapena mpaka imveke mbiri ya maliro ake. Kulima munda wotere kunali kunena pamaso pa anthu kuti uje sadzabweranso, ndipo ndani angafune kuika mnzake m'manda ali moyo? Che Bwanausi iwo anabwerera mochedwa, ndipo anapeza munda wawo uli thengo lofika m'khosi pakati pa minda yolimidwa bwino. Analira tsiku limenelo, ndipo ndi lokhalo limene anthu anawaona akulira.

Tsono Asani anali mwana wawo. Anabadwira kothawa nkhondo kuja, anabwera kuno ali kumsana kwa amake, anakula n'kukaphunzira za makina ku Nampula. Wailesi italandira sevidori, ndiye anaikonza ndi manja ake, anthu n'kumasuzumira pazenera. Kenako ntchito inamuitana ku Beira, ndipo m'nyumba ya Che Bwanausi munabuka moto. Iwo sankamvetsa. Munthu angathawe bwanji kwawo kulibe mfuti? "Ife tinayenda pansi kubwerera kudziko lino," anamuuza, "iwe ukulisiya uli ndi nsapato. Pita, koma ine sindidzakufunafuna." Asani anamaliza kukonza sevidori ija mwakachetechete, n'kukwera shapa. Zaka zinapita, bambo ndi mwana osamvana mawu.

Anthu a liuma amavutika kuposa mmene amaonekera, ndipo Che Bwanausi ankavutika. Mastura, mkazi wawo, ankalankhula ndi mwanayo pa telefoni Lachisanu lililonse masana, atakhala pakhonde la kuseri. Nthawi yomweyo mwamuna wawo ankapezeka ndi ntchito yofulumira pafupi ndi khondelo, mwina kumanga khola la nkhunda limene silinathyoke, mwina kufunafuna chikwanje chimene chinali m'manja mwawo. Mastura ankakweza mawu dala, kubwereza zonse zimene mwanayo wanena ngati ndi ogontha. Palibe anaululapo mnzake.

Choncho Ivone anabwerera ku tsache lake. M'mawa uliwonse ankafufuta tizinthu tochepa timene makina alemba, kuti apeze kampata kopumira, ndipo pofika madzulo kampatako kanali katadzaza. Anayesa kusamutsira zina kunkhokwe, zinathandiza masiku ochepa. Anapempha disiko yatsopano kwa amene anapereka makinawo, iwo anayankha kuti aona, ndipo nonse mukudziwa kuti "tiona" ndi nyama yotani. Mtsikanayo anayamba kuonda nkhope. Akakumana ndi Che Bwanausi pakhomo ankawapatsa moni mwaulemu wonse, koma maso ake ankanena zina.

Kenako zinachitika zimene ankaopa. Tsiku lina m'mawa kunafika bambo wina pa njinga kuchokera ku Chiuta, thukuta lili kamukamu, ndi uthenga wa maliro a mlongo wake. Abale anali omwazikana, ena ku Entre Lagos, ena kutsidya kwa malire, ndipo mwambo wa Chisilamu sulola kugoneka mtembo masiku. A pawailesi anajambula uthengawo, anauika pamzere kuti uuluke kangapo masana asanafike, bamboyo n'kupalasa kubwerera. Posakhalitsa sevidori inaima. Wailesi inangoti zii. Ivone anali atapita kuchipatala ndi mwana wa mchemwali wake, ndipo pamene ankafika n'kudzutsa makinawo, dzuwa linali litapendeka. Uthenga unauluka anthu atabwerako kumanda.

Patapita masiku, mayi wina wachikulire anabwera kuwailesi, atavala mpango wakuda. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangoima pakhomo n'kunena kuti, "Ine wailesi yanga sindizimitsa, Che Bwanausi. Ndinkati chilichonse chikachitika kwathu ndidzamva kwa inu. Mng'ono wanga anamuika ine ndikupalira chinangwa." Anatsanzika bwinobwino n'kumapita.

Che Bwanausi anamva manyazi amene sanawamvepo chibadwire. Analowa m'kachipinda kaja n'kupeza Ivone atakhala, manja ali pamiyendo.

"Ndikhululukireni, ndilankhule ngati mwana wopanda mwambo," anatero mtsikanayo. "Pangano lija ndimalidziwa, amayi anandiuza. Silinena kuti malowo akhale mpaka muyaya. Limati udikire mawu a mwiniwake. Mwiniwake ali moyo, Che Bwanausi, ndipo ali ndi telefoni. Ine ndikhoza kumuimbira lero lomwe."

"Ayi," anayankha msanga. "Zimenezo si za antchito. Malo a mwana amafunsa ndi kholo."

"Ndiye kholo lifunse."

Che Bwanausi anamuyang'ana mwaukali, koma ukaliwo unalibe poima. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo amene ankamva m'mimba apa anali iwo.

Kunyumba anazungulirazungulira pabwalo, anayendera nkhunda, anatola khasu n'kulisiya. Mastura ankapeta mpunga, akuwaonera pakona ya diso.

"Amake Asani," anatero pomaliza, akuyang'ana kumbali, "telefoni yanu ija ili ndi moto?"

"Ili nawo. Yanu yatani?"

"Yanga ilibe nambala ina yake."

"Nambala ya ndani?"

"Ya ku Beira."

"Ku Beira kuli anthu ambiri, bambo ake Asani."

"Musandivute, mayi inu. Ndi nkhani ya ntchito."

Mastura anaika lichero pansi, anapukuta manja pachitenje, n'kutulutsa telefoni imene anaimangirira pamfundo ya nsalu. Anadina yekha, n'kuiika m'manja mwa mwamuna wake ikulira kale, kuti asapeze mpata wosintha maganizo. Kenako ananyamula lichero lake n'kupita kukapetera kuseri kwa nyumba, pafupi ndithu, pamene mawu amafika.

"Amayi?" anatero mawu a mu telefoni. "Lero si Lachisanu. Kwagwanji?"

Che Bwanausi anakanikiza telefoniyo kukhutu. Mawuwo anali atakula, anali a bambo, koma kakwezedwe ka kumapeto kanali komwe kaja.

"Salaam aleikum," anatero. "Ndine."

Mu telefonimo munkamveka magalimoto a mumzinda wakutaliwo.

"Aleikum salaam, ababa."

"Ndaimba pa nkhani ya ntchito," anafulumira kunena, ngati munthu woonetsa chiphaso pamalire. "Makina ako aja akuvuta. Mtsikana wathu akuti muzu wadzaza, akufuna kuukulitsa. Akuti wagundana ndi malo ena olembedwa dzina lako. Ine ndakana kuti awakhudze. Ndiye ndati ndifunse mwiniwake, kuti katundu ali mmenemo timusamutsire kuti."

"Mwakana kwa nthawi yaitali bwanji?"

"Chiyambire vutoli. Latipweteketsa kale, uthenga wa maliro unachedwa."

Asani anapuma mozama. "Pepani, ababa. Zimenezo sindinaziganizire, ndipo zandipweteka. Mulibe katundu mmenemo. Mulibe kalikonse."

"Ukuti chiyani?"

"Ndi malo opanda kanthu. Ndinawasiya dala. Ndinkadziwa kuti tsiku lina muzu udzadzaza, ndiye ndinasunga mpata pambali pake kuti udzakulire mmenemo. Amisiri ambiri amatero."

Che Bwanausi anakhala pansi pa mtondo wogubuduzika umene unali pafupi. Zaka zonsezi akupukuta bokosi lija m'mawa uliwonse, mumtima ankati muli zinthu za mwana wawo, kaya zithunzi, kaya nyimbo zimene ankakonda, kanthu kena kake kamene anasiya kuti adzakatenge. Tsopano akumva kuti ankalondera chopanda kanthu. Anakwiya, ndipo mkwiyowo unawathandiza kupeza mawu.

"Nanga dzina lako unalembapo la chiyani? Ukanangosiya poyera, mtsikanayu akanakonza kalekale, ife osavutika!"

"Ndikanasiya poyera, inde akanakonza osafunsa munthu."

"Ndiye?"

"Ababa, munanena kuti simudzandifunafuna, ndipo ine ndimakudziwani, mawu anu simubweza. Koma ndimadziwanso kuti malo a munthu simungawakhudze musanamufunse. Ndinalemba dzinalo tsiku lomaliza, ndisanakwere shapa. Ndinkati likadzadzaza gawo lija, mudzakhala ndi chifukwa choimbira chimene sichikuchotserani ulemu." Anaseka pang'ono, koma kuseka kwake kunali konyowa. "Kungoti ndinaupatsa muzuwo malo ambiri kuposa mmene ndinkaganizira. Ndadikira nthawi yaitali, ababa."

Kuseri kwa nyumba lichero linali litasiya kulira.

Che Bwanausi anafuna kukalipa kuti mwana wopanda ulemu, kutchera bambo ako msampha ngati mbewa. Anafunanso kunena zina zimene sankadziwa poyambira. Chimene chinatuluka chinali chakuti, "Ndiye ukuloleza?"

"Ndikuloleza. Mumuuze mtsikanayo ayambe wakopera zonse pa disiko ina, ndipo ayatse jeradori, injini yanu ija, asadalire magetsi. Magetsi akathima ali pakati posuntha malire, mudzalira nonse."

"Akudziwa ntchito yake."

"Ndikudziwa kuti akudziwa. Ndangoti ndinenepo kanthu."

"Chabwino. Amako ali bwino." Anadula telefoni msanga, chifukwa mawu anali atayamba kuwathawa.

M'mawa mwake analengeza okha pa wailesi kuti masana kukhala chete pang'ono, makina akukonzedwa, aliyense amene ali ndi uthenga wofulumira abwere nawo msanga. Ivone anakopera zonse pa disiko yobwereka kusukulu ya sekondale, n'kutsegula zingapo kuti atsimikize kuti zakoperedwadi. Jeradori inalira panja. Anazimitsa sevidori, n'kuidzutsanso kuchokera pa kafulashi, kadisiko kakang'ono kobaya kunja, chifukwa, monga anafotokozera, munthu sangasunthe mphasa ataikhalira.

Che Bwanausi anakhala pambali pake, magalasi ali pamphuno. Magawo atatu aja anaonekanso pa sikirini.

"Ndifufute?" anafunsa Ivone, chala chili m'mwamba.

"Mwiniwake waloleza," anatero. "Fufuta."

Anadina. Mzere wapakati uja unazimirira, ndipo dzina lija linapita nawo. Pamalopo panangotsala mpata. Che Bwanausi anadziwa bwino lomwe kuti munalibe kanthu, anamva ndi makutu awo, komabe mtima unawawa ngati aona khoma la bwinja likugwa. Kwa zaka zonsezi dzina la mwana wawo linali ndi pokhala m'nyumba imeneyi, ndipo tsopano linalibe.

Ivone sanawayang'ane, anawachitira ulemu umenewo. Anasuntha malire a muzu mpaka kukagunda nkhokwe, kenako analamula makina kuti atambasule zam'kati mwake zifike m'malire atsopanowo, pakuti kukuza munda pokha sikukwanira, mizere nayo iyenera kufika kumapeto. Kanthawi kameneko kanali koopsa, ndipo onse awiri anatchera khutu ku jeradori. Inatsokomola kamodzi, Ivone n'kugwira m'mphepete mwa tebulo, koma inapitiriza. Manambala anayenda, anayenda, n'kuima. Anaunika ngati zonse zili m'malo, anachotsa kafulashi kaja, n'kudzutsa sevidori payokha.

Inadzuka bwinobwino. Pamene kale pankaonetsa kuti muzu wadzaza mpaka pakamwa, tsopano pankaonetsa kuti sunafike ndi theka lomwe.

"Poronto, zatheka!" anafuula Ivone, n'kuwomba m'manja ngati kamwana. "Apa tikhala zaka, Che Bwanausi. Mwina mpaka ine ndidzakalambe."

Anathamangira ku situdiyo kukabweza wailesi pamphepo. Posachedwa nyimbo inamveka kuchokera pa kawailesi ka wogulitsa matemba kunja kwa mpanda, ndipo wina mumsewu anakuwa kuti yabwera.

Che Bwanausi anatsala okha m'kachipindamo. Anasangalala, inde, chifukwa uthenga wa munthu sudzachedwanso. Koma mawu a Ivone aja anawakhala pamtima. Zaka! Ndiye kuti makinawa sadzawapatsanso chifukwa china. Msampha unali umodzi wokha, ndipo wafwamphuka kale. Akafuna kumvanso mawu aja adzayenera kudikira Lachisanu, kuseri kwa khola la nkhunda, ngati wakuba pakhomo pawo pomwe. Anadziona mmene analili, nkhalamba yochenjera pa wailesi koma yopusa kunyumba, ndipo anatopa nazo.

Anatuluka osatsanzika, anakwera njinga dzuwa lili pamutu, n'kukafika kunyumba ali wefuwefu. Mastura anawaona akutsika. Anangomasula mfundo ya nsalu ija.

"Musadine," anatero Che Bwanausi. "Ndiuzeni nambalayo, ndiilembe mu yanga."

Anailemba, kulakwitsa, kufufuta, kuyambiranso. Telefoni inalira kamodzi kokha.

"Alo? Ndani?"

"Ndine. Nambala iyi ndi yanga, uisunge."

"Ababa! Zalakwika? Magetsi anathima?"

"Palibe chalakwika. Zayenda bwino, wailesi ikulira. Si za ntchito izi." Anakhosomola. "Amako akufunsa kuti..." Anayang'ana Mastura, amene anapukusa mutu mwamphamvu, kukana kusenzetsedwa katundu wa eni. "Ayi, si amako. Ndine ndikufunsa. Idi ikubwerayi ukadyera kuti?"

Ulendo uno ngakhale magalimoto a ku Beira aja sanamveke, ngati mwanayo watsekera telefoni pachifuwa. Che Bwanausi anadikira, ndipo anazindikira kuti kudikira yankho la munthu n'kowawa chotani.

"Mukandichingamire pa shapa, ababa," anatero Asani. "Ndili ndi katundu wambiri, ndiponso ndikubwera ndi munthu wina wamng'ono amene sanaonepo agogo ake aamuna."

"Ndikudziwa za iyeyo," anatero Che Bwanausi, misozi ikutsikira mu ndevu, osaipukuta. "Ndinamumva akulira Lachisanu lina. Ubwere naye."